Chifukwa chimene mazenera a kabogi kanu achitira chifunga

Mwafunsa chifukwa chimene mazenera a kabogi kanu kachidole ka sitima ya pamtunda, ka mtundu wa Mark 1 wa ku Britain, ka sikelo ya OO (muyeso wa kukula kwa zidole za sitima), achitira chifunga choyera mutangowamata, ndipo popeza mwanena kuti munagwiritsa ntchito supaguluu, vuto lagona pomwepo. Guluu ameneyu akamauma amatulutsa nthunzi imene imakakamira pa pulasitiki woonekera mkati n'kusiya ufa woyera, makamaka pamene pakhudza zala, ndipo m'kabogi kotsekeka nthunziyo imasowa potulukira. Chotsani mazenerawo mosamala, mudule ena atsopano, kenako muwamate ndi guluu woyera wa PVA, amene akauma saoneka. Muzingomudontheza m'mphepete ndi kamtengo kotokosera m'mano, chifukwa pa sikelo imeneyi, pamene mamilimita 4 amaimira fiti imodzi, dontho limene inu mukuliona laling'ono limadzaza theka la zenera.

Chimene ndikukupemphani kwambiri n'chakuti mazenera azilowa pomalizira, mutatha kupenta thupi lonse, kumata manambala ndi kupaka vanishi, pakuti vanishi wosawala naye amachititsa galasi khungu. Mipando ndi zipupa za mkati muzipentenso musanatseke denga, poti anthu ambiri amaiwala kuti mazenera owala amaonetsa pulasitiki yense wosapentedwa.

Pa nkhani ya utoto, yambani mwasankha chaka chimene njanji yanu ikuimira. British Railways, kampani ya boma imene inkayendetsa sitima za pamtunda ku Britain, inayamba kupanga mabogi a Mark 1 mu 1951, oyambirira anali ofiira m'munsi ndi akirimu m'mwamba, ndipo kuyambira mu 1956 ambiri anapentedwa utoto wofiira moderako, pamene a Southern Region, chigawo cha kum'mwera cha kampaniyo, anali obiriwira.