Mayina ang'onoang'ono a pansi pa mutu wa nyimbo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Bulawayo, mwana wa mtchona. Akuti posanthula katundu wa malemu bambo awo anapeza sutikesi yodzaza mbale za galamafoni: Nat King Cole, Ruth Brown, Elvis Presley ndi ena. Akufunsa kuti, pansi pa mutu wa nyimbo iliyonse pali mayina ena a timalemba ting'onoting'ono, kodi amenewa ndani, nanga bwanji sitinawamvepo?

Mayi, mwandikhudza pamtima. Amenewo ndiwo eni nyimbo, amene anazipeka. Woyimba ankaoneka pa chithunzi ndi kuomberedwa m'manja, koma wopeka ankangotsala ndi kamzere kameneko, mwinanso dzina lake silinali lenileni.

Tengani mbale ya Ruth Brown ya "Mambo Baby" ngati ilipo, muyandikize ku zenera. Muona McCoy ndi Singleton. McCoy ameneyo ndi mayi, Rose Marie McCoy, wobadwa mu 1922 ku Oneida, Arkansas, kudera la minda ya thonje. Anapita ku New York mu 1942 ndi cholinga chokhala woyimba, koma chimene chinamudyetsa ndi cholembera. Iye ndi mnzake Charles Singleton analibe ofesi. Ankakhala pa tebulo limodzi m'lesitilanti ya Beefsteak Charlie's, pafupi ndi Brill Building kumene kunali makampani ogula nyimbo, n'kumapeka pomwepo tsiku ndi tsiku. Pa mgwirizano wawo panatuluka "It Hurts Me to My Heart" imene Faye Adams anafika nayo pa nambala wani pa mndandanda wa ku America wa nyimbo za mtundu wa rhythm and blues mu 1954, "If I May" ya Nat King Cole mu 1955, komanso "Trying to Get to You" imene Elvis anajambula ku kampani yojambula nyimbo ya Sun Records chaka chomwecho. Mayi wakuda, m'masiku a tsankho loopsa, m'ntchito yodzaza amuna okhaokha, anapeka nyimbo mazanamazana. Anamwalira mu 2015 ali ndi zaka 92. Zimandiwawa kuti anthu ambiri oyimbira limodzi nyimbo zake sadziwa n'komwe kuti anakhalapo.

Nanga n'chifukwa chiyani anabisika chonchi? Gwero lake ndi ndalama. Nyimbo ikagulidwa kapena kuulutsidwa pa wailesi, gawo lina limapita kwa amene dzina lake lalembedwa ngati wopeka. Choncho amphamvu ankadziphatikizapo. Otis Blackwell wa ku Brooklyn ndiye anapeka "Don't Be Cruel" ndi "All Shook Up", koma pa mbale mupeza dzina la Elvis pambali pa lake, chifukwa oyendetsa za Elvis ankafuna gawo nyimbo isanajambulidwe. Wokana, nyimbo yake inkatsala. Blackwell yemweyo, pa "Fever" imene anapeka ndi Eddie Cooley mu 1956, anadzitcha John Davenport popeza anali atamangidwa kale ndi kontirakiti ina. Nayenso Jesse Stone wa ku kampani ya Atlantic Records analemba "Shake, Rattle and Roll" ya Big Joe Turner mu 1954 m'dzina la Charles Calhoun. Munthu ungamukumbukire bwanji pamene dzina lake lenileni palibe?

Poti muli ku Bulawayo, fufuzaninso m'sutikesimo mbale ya "Skokiaan". Louis Armstrong anaijambula mu 1954 ndipo inamveka dziko lonse, koma anaipeka ndi August Musarurwa, woliza sakisofoni wa gulu la mumzinda wanu womwewo. Pa mbale zina dzina lake analilemba kuti Msarurgwa. N'kutheka bambo anu anaivinapo atangolandira malipiro a mwezi.

Ine njira yanga ndi iyi, ndipo yesani: lembani m'kope dzina lililonse la pansi pa mutu, kenako mulifufuze pa intaneti lokha, osati la woyimba. Dzina limodzi limakutsegulirani nyimbo makumi angapo zimene simunkadziwa kuti zinachokera m'mutu umodzi.

Mbalezo muzisamale, mayi. Zolemera zija za 78 (zozungulira ka 78 pa mphindi) zimasweka ngati phale zikagwa, ndipo musazipukute ndi sipiliti chifukwa amazisungunula. Kansalu kofewa kouma n'kokwanira, muziimike chilili m'mapepala ake pamalo posafika dzuwa, ndipo madzi asakhudze kapepala ka pakati kaja, poti mayinawo ali pamenepo.