Gonani usiku umodzi ku Stone Town, masiku otsalawo mukathere ku Jambiani

Mayi, mwafunsa kuti mukadzamaliza kupikula katundu ku Dar es Salaam mudzakhala ndi masiku anayi opuma, ndiye mukufuna kudziwa ngati kuli bwino kuwathera onse mu mzinda wakale wa Stone Town, kapena kupitirira mpaka kumidzi ya kugombe monga Nungwi ndi Jambiani pachilumba chomwecho cha Zanzibar. Langizo langa ndi lakuti mugone usiku umodzi ku Stone Town, kenako mupite ku Jambiani, koma mupite mukudziwa khalidwe la nyanja ya kumeneko, chifukwa ambiri amene amabwerako atakhumudwa amakhala kuti palibe anawafotokozera zimenezi.

Boti lothamanga lochokera ku Dar es Salaam limatenga maola pafupifupi awiri. Tikiti mukagule pa ofesi ya kampani yeniyeniyo, monga Azam Marine, osati kwa anyamata amene amakuthamangirani panja pa doko, ndipo dziwani kuti mlendo amalipira mtengo wokwera kuposa nzika ya Tanzania. Pasipoti ikhale pafupi, chifukwa ngakhale Zanzibar inaphatikizana ndi Tanganyika mu 1964, ili ndi boma lake ndipo amaona ziphaso mukangotsika. Kuyambira mu Okutobala 2024 boma limenelo linakhazikitsanso inshuwaransi yokakamiza kwa alendo, yogulidwa ku Zanzibar Insurance Corporation, imene inayamba pa madola 44 munthu mmodzi; muyang'ane pa tsamba lawo la pa intaneti musananyamuke kuti izi zisakakudzidzimutseni padoko.

Usiku umodzi wa ku Stone Town ndikuulimbikira pa chifukwa chimene chimatikhudza ife Amalawi mwachindunji. Mzindawu unatukuka kwambiri Sultan Seyyid Said atasamutsira likulu lake kumeneko kuchokera ku Muscat, m'dziko la Oman, cha m'ma 1840, ndipo chuma chake chinachokera ku minyanga ya njovu, zonunkhiritsa zakudya ndi akapolo. Ambiri mwa akapolowo anali anthu a kuno kwathu, amene ankawolotsedwa nyanja kuchokera kwa Jumbe ku Nkhotakota, n'kuyendetsedwa wapansi mpaka ku Kilwa, doko la kugombe la Tanzania, kenako n'kukwezedwa m'zombo. Msika wawo unatsekedwa mu 1873, ndipo pamalo omwewo, ku Mkunazini, amishoni a Anglican a bungwe la UMCA (Universities' Mission to Central Africa) motsogozedwa ndi Bishopu Edward Steere anamangapo tchalitchi chachikulu cha Anglican, amishoni omwewo amene anadzakhazikika ku Likoma mu 1885. Mkati mwake muli mtanda wopangidwa ndi nthambi ya mtengo umene pansi pake anakwirirapo mtima wa David Livingstone kwa Chitambo ku Zambia. Panja pali dzenje lokhala ndi ziboliboli za anthu omangidwa unyolo m'khosi, ndipo pafupi pomwepo amakuonetsani tizipinda tapansi panthaka tamdima, tadenga lotsika moti munthu wamkulu saimirira bwinobwino. Musathamangire malo amenewa. Madzulo ake muyende m'tinjira topanikiza ta mzindawu, momwe galimoto silowa, muone zitseko zamatabwa zosemedwa mwaluso, kenako mukadye ku Forodhani, kumene dzuwa likalowa amayala matebulo a nsomba zootcha, msuzi wa kumeneko wotchedwa urojo ndi madzi a nzimbe ofinyira pomwepo. Mufunse mtengo asanakuikireni chakudya m'mbale.

Jambiani ili kum'mwera chakum'mawa kwa chilumbachi, ulendo wa ola limodzi ndi theka pa galimoto, ndipo msewu wake umadutsa m'nkhalango ya Jozani, kwawo kwa apusi ofiirira amene sapezeka kwina kulikonse koma ku Zanzibar. Daladala, yomwe ndi minibasi ya kumeneko, ndi yotchipa kwambiri koma imaima paliponse. Ngati muli ndi zikwama zolemera, gwirizanani ndi anzanu mubwereke takisi.

Tsopano za nyanja. Ife tinazolowera kuti ku Senga Bay madzi amene wawasiya m'mawa ndi omwewo udzawapeze masana, pamalo pomwepo. Ku Jambiani si choncho. Kawiri pa tsiku nyanja imadzaza mpaka kufika pafupi ndi makoma a nyumba, ndipo kawiri imaphwa n'kubwerera kutali, nthawi zina mtunda woposa kilomita, kusiya mchenga woyera, tizithaphwi ndi ngalawa za asodzi zitagonera chammbali. Nthawi yake imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, ndipo kuphwako kumakula kwambiri mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima. Choncho mukangofika, funsani a pamalo ogona kuti madzi adzaza nthawi yanji, ndipo kusambira mukukonzere nthawi imeneyo. Mukafuna kuyenda pamene paphwapo muvale nsapato zapulasitiki, chifukwa m'miyala muli tizilombo takuda taminga totalika timene timathyokera m'phazi, komanso musapite kutali osadziwa nthawi, pakuti madzi akayamba kubwera amadzaza msanga ndipo amayamba ndi malo otsika amene ali kumbuyo kwanu.

Koma kuphwa komweko ndi kumene kumandichititsa kusankha Jambiani. Madzi akangochoka, amayi a m'mudzimo amatsikira kunyanja atavala zitenje zawo zotchedwa kanga, n'kukhala pansi m'madzi ofika m'mawondo pakati pa mizere ya zikhomo, akumangirira tinthambi ta ndere za m'nyanja ku zingwe. Iwo amazitcha mwani, ndipo ulimi umenewu unayamba m'dera la Jambiani ndi Paje cha m'ma 1989. Zikakhwima amazisenza pamutu m'matumba kukaziyanika kumtunda, kenako amagulitsa kwa ogula amene amazitumiza kunja, pomwe zina amapangira sopo. Ntchito yake ndi yowawa, phindu lake ndi lochepa, kotero ngati mukufuna kuwajambula muyambe mwapempha, ndipo mukagula sopo mugule kwa iwo eni. Nungwi, kunsonga ya kumpoto, ili ndi ubwino wake: madzi sathawira kutali, munthu amasambira pafupifupi nthawi iliyonse, ndipo dzuwa limalowera m'nyanja. Komabe mahotela ndi ochuluka, ogulitsa zinthu pamchenga sakupatsani mpata, ndipo kwa munthu amene watopa kale ndi phokoso la kumsika wa Kariakoo ku Dar es Salaam sindikuona kuti angapumeko mokwanira.

Anthu a ku Jambiani pafupifupi onse ndi Asilamu, ndipo mudziwo wayandikana kwambiri ndi gombe. Chovala chosambira chithere pamchenga; polowa m'mudzi mumange chitenje ndi kuphimba mapewa, ndipo ngati ulendo wanu ugwere m'mwezi wa Ramadan musamadye kapena kumwa mukuyenda pamsewu masana. Munthu wachikulire mumulonjere kuti shikamoo, iye adzayankha kuti marahaba. Ndalama za Tanzania mutengeretu zokwanira ku Stone Town, chifukwa malo odyera ang'onoang'ono, kumene mungapeze mpunga wophikira kokonati ndi nsomba yophedwa tsiku lomwelo, salandira khadi.

Simunatchule mwezi umene mukupita. Ngati n'kotheka pewani Epulo ndi Meyi, nthawi ya mvula yamphamvu pamene malo ena ogona amatseka; kuyambira Juni mpaka Okutobala kumakhala kouma ndi kozizirira bwino, ngakhale mphepo yochokera kum'mwera, yotchedwa kusi, imawinduka nayo nyanja moti amene amachita nseru pa boti ayenera kumweratu mankhwala. Pobwerera, musakonze zoti muwoloke tsiku lomwelo limene basi yanu yobwerera kumudzi ikunyamuka. Maboti othamanga amasiya kuyenda dzuwa lisanalowe, ndipo kuchokera ku Jambiani mpaka padoko pali kale ulendo wina, choncho muwoloke dzulo lake mukagone ku Dar es Salaam pafupi ndi katundu wanu.