Funsani Azaumoyo: M'chikwama cha Chithandizo Choyamba Tiikemo Chiyani?

FUNSO: Ndine mtsogoleri wa gulu la achinyamata 12 odzipereka kuno ku Chawama, ndipo kawirikawiri ndife timayamba kufika pamene ngozi yachitika pa msewu wa Kafue, ambulansi isanabwere. Mpingo wathu watisonkhera kandalama kogulira zipangizo. M'masitolo a m'tauni ndaona zikwama zokongola zodzaza kale, koma zinthu zina za m'menemo sindidziwa n'komwe ntchito yake. Tigule ziti, nanga tikagule kuti? — Bambo wa ku Chawama

YANKHO: Zikomo bambo, ndipo ntchito imene mukugwirayi ndi yotamandika. Musanatulutse ngakhale ngwee imodzi, dziwani kuti zikwama zambiri zodzaza kalezo anazikonzera mabala a kukhitchini ndi ku ofesi. Mumakhala timapulasitala tambirimbiri, pamene munthu wovulala pamsewu amafa msanga ndi zinthu ziwiri: kutaya magazi ndi kubanika. Gulani chikwama chopanda kanthu, cholimba, chosalowa madzi, ndipo mudzaze nokha.

Yambani ndi magolovesi a nitrile, mabokosi angapo a masaizi osiyana, chifukwa a latex amayabwa anthu ena. Kenako mabandeji akuluakulu otamuka, nsalu za gauze zomatidwa m'mapaketi, ndi sizasi yobuntha kumutu yodulira zovala. Bandeji ya makona atatu yokolekera mkono isakudyereni ndalama, popeza chitenje chochapa bwino chimagwira ntchito yomweyo.

Pamene sindifuna kuti muumire ndi pa tourniquet, lamba uja wokhala ndi kamtengo kopotera amene amatseka magazi pa mkono kapena pa mwendo. Zabodza zachuluka, makamaka zogulitsidwa pa intaneti pa mtengo wotsika, ndipo pongoziona simungazisiyanitse ndi zenizeni; zimadzaonekera pa tsiku la ngozi, kamtengo kakathyoka m'manja mwanu munthu akukha magazi. Gulani ziwiri zenizeni kusiyana ndi khumi zokayikitsa, ndipo yophunzirira ikhale yapadera, pakuti lamba wopotedwa kawirikawiri amafooka. Imamangidwa masentimita 5 mpaka 7 pamwamba pa bala, osati pa bondo kapena pa chigongono, ndipo imapotedwa mpaka magazi atasiya. Imapweteka kwambiri, wovulalayo adzakupemphani kuti mumasule, koma musamasule. Lembani nthawi imene mwamanga, madokotala a ku chipatala cha UTH kapena cha Levy Mwanawasa akaone okha. Ndiye chifukwa chake cholembera chosafufutika chiyenera kukhala m'thumba limodzi ndi lambayo.

Pa za kupuma, kwa inu n'kokwanira kachigoba kapakamwa kokhala ndi valavu, kamene kamakutetezani pouzira mpweya munthu amene wasiya kupuma: kukanikiza pachifuwa ka 30, kuuzira kawiri. Botolo la okosijeni, madiripi ndi jakisoni asiyireni a mu ambulansi amene anaphunzira ndipo ali ndi chilolezo. Ngakhale mapiritsi opha ululu ndikanakonda asakhalemo, chifukwa munthu amene mwina akupita kukachitidwa opaleshoni sayenera kumwetsedwa kanthu pamsewu.

Chimene magulu ambiri amaiwala ndi chitetezo chawo chomwe. Msewu wa Kafue usiku suona nkhope, choncho aliyense akhale ndi chovala chonyezimira ndi tochi, ndipo zikwangwani za makona atatu ziimikidwe patali munthu asanagwade pansi. Onjezani mabulangete opyapyala onyezimira aja, pakuti wotaya magazi amazizidwa msanga, makamaka mu June ndi July.

Kogula ndi ku ma pharmacy ndi kwa ogulitsa zipangizo zachipatala amene ali ndi chilolezo cha ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2013. Pemphani kuona chilolezocho, yang'anani tsiku lothera ntchito pa paketi iliyonse, ndipo paketi yobooka muikane ngakhale atakutsitsirani mtengo.

Ndikupemphani kuti gawo lina la ndalamazo lipite ku maphunziro. A Zambia Red Cross Society ndi a St John amaphunzitsa chithandizo choyamba kuno ku Lusaka, ndipo ndingasangalale achinyamata anu ataphunzira kaye musanagule tourniquet ija, kuti aphunzitsi akuthandizeninso kusankha.

Chikwamacho musachisiye m'galimoto yoima padzuwa la October, chifukwa kutentha kumaumitsa magolovesi ndi kusungunula zomata za pulasitala. Sankhani munthu mmodzi wochisunga, amene aziwerenga zonse mwezi uliwonse ndi kubwezeretsa zogwiritsidwa ntchito tsiku lomwelo la ngozi. Mkati mwa chivundikiro matanimo pepala la mndandanda wa zipangizo, pamodzi ndi manambala awa: 992 ya ambulansi, 991 ya apolisi ndi 993 ya ozimitsa moto.