Chimfine chinapita ndi fungo, kodi adyo m'mphuno angalibweze?

Mayi wina wa ku Chamama, m'boma la Kasungu, wandilembera pa imelo. Chimfine champhamvu chinatha, koma patha masabata 6 osamva fungo, ndipo nsima ndi ndiwo zikungokhala ngati akutafuna thonje. Anzawo awauza kuti azilowetsa adyo m'mphuno pogona, ndiye akufunsa ngati ayambe.

Mayi, musayambe. Adyo wosenda amawaula khungu lofewa la m'mphuno, mphuno imatupa, mamina amachuluka. Mamina otuluka pochotsa adyoyo ndi amene anthu amati matenda akutuluka, chonsecho wawabweretsa ndi adyo yemweyo. Nthawi zina kachidutswa kamaduka n'kutsalira m'kati, n'kuyambitsa mafinya. Chimodzimodzi madzi a mandimu, tsabola kapena fodya wa m'mphuno. Ngakhale mankhwala ena a zinc opopera m'mphuno, boma la America linachenjeza mu 2009 kuti akuphetsa fungo anthu ena.

Vuto lanu lili pamwamba penipeni m'mphuno, pakati pa maso, pomwe pali timinyewa tomva fungo. Kachilombo, kaya ka chimfine wamba kapena ka Covid-19 kamene kanapezeka kuno ku Malawi mu April 2020, kamawononga malo amenewo. Mwayi wake ndi woti timinyewati timaphukanso ngati khwanya wothyoledwa, kungoti mochedwa: ena masabata, ena miyezi, ena kupitirira chaka.

Lilime lanu mwina lili bwinobwino. Yesani lero: ikani shuga pang'ono palilime, chukuchani m'kamwa, kenako mchere, kenako dontho la ndimu. Mukasiyanitsa zitatuzi, lilime lilibe mlandu. Ilo limangodziwa kutsekemera, mchere, kuwawasa, kuwawa ndi kukoma kwa msuzi wa nyama. Zoti ichi n'chisoso chotendera, awa ndi usipa wootcha, imanena ndi mphuno, fungo likakwera kudzera kukhosi pamene mukutafuna.

Apa mpomwe ambiri amadzipweteka. Poona kuti ndiwo sizikukoma amati mchere sunakolere, n'kumathira wina pambale, tiyi masipuni anayi a shuga. Kwa munthu wa BP kapena shuga, miyezi itatu yotere ndi yoopsa kuposa kusamva fungoko. Thirani mchere monga kale, wina akulawireni. Pofuna kuti pakamwa pachangamuke, finyirani ndimu pa ndiwo, dyani chidede, phala la malambe, jinja, kambuzi pang'ono. Kuyabwa kwa tsabola kumayenda mumtsempha wina, ndiye mudzakumva ndithu. Mtedza wokazinga ndi chimanga chootcha zimathandizanso chifukwa cha kukhukhuza kwake.

Za kudzifukiza ndi masamba a bulugamu ndinene mosabisa: nthunzi imafewetsa mamina basi, siimeretsa minyewa. Mphika wa madzi obwadamuka pansi pa bulangete wawotcha ana ambiri. Ngati mphuno sinatseke, palibe chofukizira.

Chimene chimathandiza

Ndi kuphunzitsanso mphuno. Njirayi anaiyesa ndi katswiri wa za kumva fungo, Thomas Hummel, ndi anzake ku Dresden, ku Germany, ndipo anaisindikiza mu 2009 atagwiritsa ntchito fungo la rozi, bulugamu, ndimu ndi clove. Kuno bulugamu ndi mandimu zili pakhomo. Clove amapezeka m'mashopu a zokometsera zakudya, akasowa tengani sinamoni kapena khofi. M'malo mwa rozi, sopo wonunkhira amene munamuzolowera kapena masamba a mpungabwi.

Pezani timabotolo 4 toyera ta zotsekera, chilichonse m'botolo lakelake: khungu la ndimu lopala, masamba ofikisa m'manja, ndi zinazo. Lembani dzina pabotolo. M'mawa ndi madzulo, tsegulani limodzi, liikeni pafupi ndi mphuno, nunkhizani pang'onopang'ono kwa masekondi 20, ngati mwana wonunkhiza duwa. Osakoka mpweya mwamphamvu, chifukwa umangodutsa kupita kumapapo. Pumulani pang'ono, tengani lina. Ponunkhiza, liyang'aneni n'kumakumbukira mmene linkamvekera, pakuti ubongo nawo ukuphunzira. Chitani miyezi 3 osadumphitsa, kenako sinthani mafungo n'kupitiriza.

Ambiri amalephera pa zinthu ziwiri. Amasiya pa sabata yachiwiri poti sakumva kanthu, pomwe kumayambiriro kusamva kanthu si kwachilendo ayi. Enanso amanunkhiza khungu la ndimu louma la sabata yatha, lomwe fungo linathamo kale, iwo osadziwa. Zaziwisi sinthani masiku awiri aliwonse, wina wa m'nyumba azitsimikiza kuti zikununkhira.

Tsiku lina anyezi wokazinga, mazira kapena nyama zingayambe kununkha ngati zoola kapena mphira wopsa. Musaope, ndipo musaganizire munthu. Kawirikawiri ndi timinyewa tikulumikizana molakwitsa pophuka. Pa nthawiyo idyani zozizira kapena zongowiritsa, zimanunkha pang'ono kuposa zokazinga.

Mphuno ikakhala yotseka, tsukani ndi madzi a mchere: kapu ya 250 ml ya madzi owiritsa n'kuziziritsa, theka la sipuni ya tiyi ya mchere ndi kasoda kotsina ndi zala. Madzi a pachitsime kapena pamjigo osawiritsa asalowe m'mphuno. Mankhwala odonthezera otsegula mphuno asapitirire masiku 5, chifukwa mphuno imadzatsekanso moposa.

Pakadali pano mkute azikununkhizirani ena, ndipo musasiye mphika pamoto nokhanokha. Amene amasuta kapena kugwira ntchito mu utsi wa fodya adziwe kuti utsi umachedwetsa kuchira. Pitani kuchipatala cha boma ku Kasungu msanga ngati mphuno yatseka mbali imodzi yokha, ikutuluka magazi, mutu ukuwawa kwambiri, kapena fungo linachoka mutamenyetsa mutu. Miyezi 3 ikatha popanda kusintha, pemphani akutumizeni kwa dokotala wa mphuno, makutu ndi pakhosi ku Lilongwe.