Ndaika TypeScript koma tsc ikukana kuyenda

Funsoli lachokera kwa mnyamata wa ku Ulongué amene akuphunzira zamakompyuta mumzinda wa Tete. Pofuna kuika TypeScript, chiyankhulo cholembera mapulogalamu, analemba npm install typescript (npm ndi pulogalamu yotsitsira mapukusi), zonse n'kutsitsika bwino, koma akalemba tsc, lamulo losandutsa TypeScript kukhala JavaScript, pa terminal, zenera lolembamo malamulo, kompyuta ikuti siikudziwa lamulo limenelo. Bambo ake ayamba kuganiza kuti laputopu ndi yowonongeka.

Bambo, laputopuyo ilibe vuto, musataye ndalama kugula ina.

Iwe mphwanga, tsegula foda ya ntchito yako, ulowe mu node_modules, kenako mu .bin. Uipeza tsc ili phee mmenemo. Terminal siyendayenda m'kompyuta monse kusaka pulogalamu. Imangosuzumira m'mafoda olembedwa pa mndandanda wotchedwa PATH, ndipo .bin yakoyo palibepo.

Ulembe npx tsc --version uli m'foda ya ntchitoyo. npx, chida choyendetsera mapulogalamu a m'mapukusi, imabwera limodzi ndi npm kuyambira 2017, ndiye ngati uli ndi Node.js, pulogalamu imene imabwera ndi npm, uli nayo kale. Imayamba yayang'ana mu .bin, ikapeza n'kuyendetsa pompo, osadya ngakhale mega imodzi.

Apa mpofunika kusamala kwambiri. Ukakhala m'foda yolakwika, npx ikasowa tsc imapita pa intaneti kukafuna phukusi la dzina lomwelo, ndipo lilipodi phukusi lina lotchedwa tsc lomwe si TypeScript ayi. npm 7 ndi zobwera pambuyo pake zimakufunsa kaye zisanatsitse. Usathamangire kudina y kuti uvomere. Werenga dzinalo chilembo ndi chilembo, chifukwa pali anthu oipa amene amaika mapukusi a mayina ofanana ndi otchuka, kudikira wolakwitsa kalembedwe. Ukavomera, pulogalamu yawo imayenda pa kompyuta yako ndipo ingathe kuwerenga mafayilo ako.

Anzako ena akuuza kuti ungowonjezera -g pa npm install, kuti TypeScript iikidwe pa kompyuta yonse osati m'foda ya ntchito imodzi. Zimathekadi, koma sindikulimbikitsa. Ntchito imodzi ikafuna TypeScript 4 ina 5, zisokonekera, ndipo mnzako akatenga ntchito yako pa kompyuta yake sidzayenda chimodzimodzi.

Chabwino n'kutsegula fayilo ya package.json imene ili m'foda ya ntchito yako, pansi pa scripts n'kulembapo "build": "tsc". Ukatero uzingolemba npm run build, npm iziika yokha .bin pa PATH nthawi imeneyo. Umu ndi mmene amagwirira ntchito m'makampani, ndipo wokuyesa ntchito akatsegula GitHub yako, tsamba la pa intaneti losungirapo ntchito za mapulogalamu, package.json ndi imodzi mwa mafayilo amene adzayambire kuona. Foda ya node_modules yokha usaitumize kumeneko, uilembe mu .gitignore, fayilo ya mndandanda wa zinthu zosayenera kutumizidwa.