Alamu, katoni ya mahedifoni ija musaigule kaye

Alamu, uthenga wanu ndauwerenga dzulo usiku m'basi, titangodutsa pa Nyimba pochokera ku Lusaka. Mwati soya mwagulitsa, kampamba kalipo, ndipo mwaona pa Facebook mahedifoni opanda waya otsika mtengo. Mukufuna mutenge katoni yathunthu muzikagulitsa kwa anyamata ofufuza golide ku Vubwi ndi ku Petauke, monga ndichitira ine. Mwafunsanso za pa boda. Mwachita bwino kufunsa musanatumize ndalama, paja safunsa anadya phula. Phula limenelo ine ndinadyapo kale.

Chaka chimene ndinayamba ndinapikula mapeya 20 a Bluetooth wamba, aja omvera nyimbo pa foni. Akuda, onyezimira, kugunda kwake mpaka m'chifuwa. Asanu ndi atatu anapita tsiku limodzi, ine n'kumadziona ngati ndatola chikwama. Sabata isanathe, bambo wina wachikulire anandipeza ndikudya nsima pamsika, n'kuika ake patebulo pambali pa mbale ya ndiwo. Sanakalipe. Anangoti, "Mukasamba m'manja tipite kuseriko." Kuseriko anaponya kobiri la K1 padothi, n'kundiveka mahedifoniwo, n'kundigwiritsa ditekita yake, makina ofufuzira golide pansi. Ndikayendetsa koilo, chimbale chapansi chija, kupita kumanja, kulira kumamveka nditapitirira kale kobiri. Ndikabwerera kumanzere, chimodzimodzi, kukulira ndili kale mbali inayo. Kobiri limodzi, ndikuliona ndi maso angawa, koma khutu likundiuza kuti pali zinthu ziwiri zotalikirana. Bamboyo anangofunsa kuti, "Tsono ine ndikumbe pati?" Ndalama yake ndinabweza pomwepo, ndipo ena asanu anabwera pambuyo pake.

Chinachitika n'chakuti Bluetooth wamba amachedwetsa mawu. Pa nyimbo simungadziwe, nyimbo ikachedwa pang'ono siwawa. Koma kuchedwako kumatha kufika mamilisekondi 200, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Munthu akamayendetsa koilo mita imodzi pa sekondi, m'kanthawi kameneko koilo yasuntha masentimita 20. Golide amene anyamatawa amasaka nthawi zambiri ndi kakang'ono ngati njere ya mapira. Kuphonya ndi chikhatho chathunthu pa nthaka ya miyala, dzuwa la Okutobala lili pamutu, ndiye kuti munthu wakumba dzenje lachabe. Ndiye pa bokosi muziyang'ana mawu akuti aptX Low Latency. Amenewo amachedwa ndi mamilisekondi pafupifupi 40, masentimita anayi okha, ndipo khutu silizindikira. Chenjerani, aptX yokha kapena aptX HD si chimodzimodzi, mawu awiri omalizawo ndiwo mwini nkhani. Ndiponso mbali zonse ziwiri, chotumiza mawu ndi mahedifoni, ziyenera kukhala nayo. Mbali imodzi ikasowa, zimalumikizana ndithu, nyali n'kuyaka, koma zabwerera ku ulesi uja.

Ndiye malondawa, alamu, sayambira pa katundu. Amayambira pa funso lakuti makina anu ndi ati. Ine kasitomala akaimba foni sindinena mtengo asananditumizire chithunzi cha ditekita yake pa WhatsApp, komanso cha bowo lolowetsa pini.

Makina ambiri kuno ndi a Minelab, kampani ya ku Australia. Gold Monster 1000, imene oyamba kumene amaikonda, ilibe wayalesi m'kati, ili ndi bowo la pini yaing'ono ya 3.5 mm. Ameneyo ngati sakufuna nthambo, mumamugulitsa zinthu ziwiri: kabokosi kotumiza mawu kolowetsa pabowopo, ndi mahedifoni ogwirizana nako. GPX 5000 nayo ndi ya nthambo, koma pini yake ndi yaikulu, ya 6.35 mm, ndipo imalowa pa batire limene munthu amabereka kumsana. Popanda kolumikizira pini yaikulu ndi yaing'ono simugulitsa kanthu, ndipo kakanthu kameneka, kotchipa kuposa botolo la Fanta ku Lusaka, kutchire kamasowa ngati mankhwala. GPX 6000 ili ndi Bluetooth ya aptX Low Latency ndipo imabwera ndi mahedifoni ake otchedwa ML 100. Equinox 600 ndi 800 nazo zimalandira a mtundu umenewu. Koma Equinox 700, 900 ndi Manticore zimafuna mahedifoni a Minelab omwe, ML 85 kapena ML 105. Mukapatsa munthu wa 900 mahedifoni amene anagwira pa 800 ya mnzake, adzabwera nawo m'manja. A Garrett, a ku America, ali ndi njira yawoyawo yotchedwa Z-Lynk, imene eni ake amati imachedwa mamilisekondi 17 okha, ndipo amagulitsanso kabokosi kake koti n'kuika pa makina a kampani ina. Nokta ya ku Turkey ndi XP ya ku France nawonso ali ndi zawo. Musavutike kuloweza zonsezi usiku umodzi. Ine ndili nazo m'kakope kamene kamakhala m'thumba la jekete limodzi ndi pasipoti.

Zina munthu amaziphunzira atagona nawo ku misasa. Makina ambiri a golide amalira kamawu kapansipansi kosalekeza, ngati udzudzu uli kukona kwa nyumba, ndipo wodziwa ntchito amamvetsera kusintha kwa kamawu kameneko osati kulira kwakukulu. Mahedifoni a nyimbo, makamaka aja otsekereza phokoso lakunja, amatha kukameza. Timabokosi tina totchipa tikamva kuti mawu achepa timadzizimitsa tokha kuti tisunge moto, munthu n'kuyenda theka la ola ali gonthi osadziwa. Kabokosiko kazikhalanso kutali ndi koilo, chifukwa makina amphamvu ngati GPX amamva chitsulo chili chonse, ngakhale cha pa lamba kapena cha m'nsapato. Pa zotseka makutu onse awiri anyamata amagawikana. Ena amazifuna chifukwa cha mphepo ya m'mapiri, ena amati khutu limodzi likhale panja, kutchire kuli njoka, kulinso anthu. Amene amalowa ndi makina mumtsinje muwauze chilungamo kuti wayalesi m'madzi siigwira, agule a nthambo. Ndipo funso loyamba la aliyense ndi lakuti batire limatha maola angati, chifukwa kumene ali kulibe magetsi, amatchaja pa sola imodzi anthu khumi. Pawabanki ndi nthambo zotchajira zimandipatsa phindu losadukiza kuposa mahedifoni enieniwo. Mapilo a m'makutu nawonso, thukuta limawasenda miyezi yowerengeka.

Kopikula ndi kuwiri. Za mayina enieni, za Minelab kapena Garrett, muzitenga kwa ogulitsa ovomerezeka ndi kampaniyo, lisiti ndi nambala ya katundu zili pamodzi. Zabodza zachuluka kwambiri, kuyambira ditekita yeniyeniyo mpaka bokosi lake, ndipo a Minelab akhala akuchenjeza za zimenezi kwa zaka. Ine zimenezi sindisunga pashelefu, n'zodula. Munthu amapereka theka, ndiye ndimaoda. Timabokosi totumiza mawu, mapini, nthambo ndi mahedifoni a aptX Low Latency a makampani ena zimachokera ku China. Mutha kuzipeza ku Kariakoo ku Dar es Salaam n'kulowa nazo pa Nakonde, kapena kuoda kudzera kwa a kago amene amalipiritsa pa kilo n'kukufikitsirani ku Lusaka. Za mabatire amaziwerengera mtengo wina, mufunsiretu. Kuchokera ku Lusaka kufika ku Chipata ndi phukusi la pa basi basi, makilomita oposa 550 pa Great East Road. Poyamba odani awiri okha, muyese. Zolembedwa pa bokosi la ku China nthawi zina zimakhala zokhumba za wogulitsa.

Tsopano pa boda. Makasitomala anga ena ali ku Mchinji ndi ku Lilongwe, ndiye pa Mwami ndimadutsa pafupipafupi. Kuyambira mu Disembala 2022, pamene anatsegula nyumba yatsopano ija, a ZRA ndi a MRA, otolera msonkho a Zambia ndi a Malawi, amagwirira ntchito malo amodzi, sitiimanso kawiri ngati kale. Mudzamva amayi a mtedza ndi nsomba akunena za STR, dongosolo la COMESA lopeputsira amalonda ang'onoang'ono, la katundu wosapitirira madola 2,000. Musasangalale, si lathu. Limagwira pa katundu wolimidwa kapena wopangidwa m'maiko mwathu muno, amene alinso pa mndandanda umene maiko awiriwa anagwirizana. Mahedifoni a ku China ndi a ku China, ngakhale atagona mwezi m'shopu yanu. Polowa mu Zambia mulipira dyute ndi VAT ya 16 peresenti, ndipo mukawolotsa kupita ku Malawi a kumeneko nawo afuna wawo. Khalani ndi TPIN, nambala yanu yokhomera msonkho, sungani invoisi yeniyeni, ndipo msonkho muuwerengere pa mtengo musanalonjeze munthu. Popeza izi ndi zipangizo za wayalesi, mukayamba kubweretsa zambiri mukafunse za chilolezo kwa a ZICTA, oyang'anira za mafoni ndi mawayalesi ku Zambia, ku Malawi ndi a MACRA. Anyamata a njinga zamoto adzakunong'onezani za njira za zalewa, kuti katundu n'kochepa, kalowa m'chikwama. N'zoona kalowa. Koma tsiku limene adzakugwirani, mpamba wonse uli m'chikwama chomwecho.

Ndalama ya ku Malawi musagone nayo. Dzina n'limodzi, kwacha, koma khalidwe n'losiyana. Mu Novembala 2023 kwacha ya kumeneko inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ine ndili ndi ngongole kwa anthu atatu a ku Mchinji imene tinapangana m'kwacha yawo. Analipira mokhulupirika, tambala ili yonse, koma nditasintha sindinakwanitse kuodanso katundu yemweyo. Kuyambira pamenepo mtengo ndimatchula m'kwacha yathu, ndipo ya uko ndimasintha tsiku lomwelo.

Ngongole kwa okumba, ayi. Sikuti ndi anthu oipa, koma mawu awo onse ndi akuti "mwala ukatuluka", ndipo ukatuluka kwina amasamuka usiku, foni n'kuzima. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Amene ndimawakhulupirira pang'ono ndi a makopaletivu okhala ndi mapepala a ku unduna wa migodi, chifukwa ali ndi malo odziwika ndiponso makina awo salandidwa. Kumbukiraninso nyengo. Malonda amatentha anthu akakolola, kuyambira Meyi, n'kufika pachimake tchire likapsa. Mvula ikagwa maenje amadzaza madzi, anyamata amabwerera kumunda, ndipo katundu wanu adzakhala pashelefu mpaka chimanga chiume. Ine miyezi imeneyo ndimabwerera ku zitenje.

Pa ndalama ya soyayo, tengani gawo limodzi mwa magawo atatu, yotsalayo muisiyire feteleza, alongo anga asadzanditukwane. Loweruka ndikupita ku Vubwi kukapereka oda ya anthu awiri, wina wa Gold Monster, wina wa GPX 5000. Mufike ku Chipata Lachisanu madzulo, mugone kwathu, tinyamuke mbandakucha. Mubwere ndi kobiri la K1 ndi kakope kanu, ndipo nsapato za zitsulo kumapazi zija muzisiye ku Katete.