Kodi nyimbo zoika m'kapuleya ka MP3 ndingazigule kuti pa intaneti?

Bambo ena oyendetsa thiraki pakati pa Blantyre ndi Beira anditumizira imelo. Akuti anagula kapuleya ka MP3 ka 8 GB, kokhala ndi polowetsa memory card, kuti azimvera nyimbo akamadikira pa chipata cha Mwanza popanda kumaliza batire la foni. Amalipira Spotify mwezi uliwonse ndipo nyimbo zambiri anazipanga dawunilodi pa foni yawo, koma atakopera mafayilowo n'kuwaika m'kapuleyako, palibe nyimbo ngakhale imodzi imene inayimba. Akufunsa ngati kapuleyako kali kowonongeka, komanso komwe angagule nyimbo mwachilungamo zimene zingayimbe m'menemo.

Bambo, kapuleya kanu kalibe vuto lililonse. Ndalama imene mumapereka ku Spotify, ku Apple Music kapena ku YouTube Music ndi yolipirira chilolezo chomvera, ndipo chilolezocho chimatha mwezi umene mwasiya kulipira, monga zimakhalira ndi nyumba ya lendi. Mafayilo amene pulogalamu ya Spotify imasunga m'foni mwanu ndi okhomedwa, moti ndi pulogalamu yokhayo imene ingawatsegule, ndiponso imafuna kuti foniyo ilumikizike ku intaneti kamodzi pa masiku 30 alionse kuti itsimikize kuti mukadali olipira. Kapuleya kopanda intaneti sikangatsegule mafayilo amenewa, ngakhale muwasinthe dzina kapena kuwasamutsira pa khadi lina. Alipo mapuleya okwera mtengo, monga ena a Sony Walkman ndi a FiiO, amene ali ndi Android m'kati mwake ndipo amalola kuikamo Spotify, koma kanu si ka mtundu umenewo. Chimene mukufunika ndi sitolo yogulitsa fayilo yeniyeni, yosakhoma, imene mungaisunge komwe mukufuna.

Masitolo oterewa alipo, ngakhale kuti poyamba nawonso ankagulitsa nyimbo zokhoma. Pamene kampani ya Apple inkatsegula iTunes Music Store ku America mu April 2003, nyimbo iliyonse inkagulidwa pa masenti 99, koma inali ndi loko wotchedwa FairPlay amene ankachititsa kuti iyimbe pa iPod ndi pa makompyuta ochepa ovomerezedwa basi. Kampani ya Microsoft inali ndi loko wakewake pa mafayilo a WMA, ndipo nyimbo zogulidwa mbali imeneyo sizinkayimba pa iPod. Kuipa kwa dongosolo limeneli kunaonekera poyera mu 2008, pamene MSN Music ndi Yahoo Music analengeza kuti azimitsa makompyuta amene ankapereka makiyi a nyimbo zimene anthu anali atagula kale, kutanthauza kuti munthu akanasintha kompyuta yake sakanathanso kutsegula nyimbo zimene analipira. Anthu anadandaula kwambiri ndipo makampaniwo anabwezako mawu. Nthawi imeneyo zinthu zinali zitayamba kale kusintha, pakuti mu 2007 kampani ya EMI inalola Apple kugulitsa nyimbo zake popanda loko, ndipo chaka chomwecho Amazon inayamba kugulitsa mafayilo a MP3 osakhoma. Mu 2009 Apple inachotsa loko pa nyimbo zonse za m'sitolo mwake. Choncho lero nyimbo yogula imodziimodzi kapena pa chimbale imabwera yosakhoma m'masitolo odziwika, pamene nyimbo yomvera polipira mwezi ndi mwezi imakhala yokhoma nthawi zonse. Mawu oti muziyang'ana m'kapepala ka malonda ndi akuti DRM, amene ndi dzina la loko woteroyu, ndipo mukaona kuti fayilo ili ndi DRM, isiyeni.

Musanatulutse ndalama, yambani mwawerenga kabuku kamene kanabwera ndi kapuleya kanu, kapena zimene zalembedwa pa katoni yake, kuti mudziwe mitundu ya mafayilo imene kamatha kuwerenga. MP3 imayimba pa chipangizo chilichonse, kuphatikizapo wailesi ya m'thiraki mwanu ngati ili ndi polowetsa flash. AAC, imene dzina la fayilo yake limathera ndi m4a, imayimba pa mapuleya ambiri a makampani odziwika monga SanDisk ndi Sony, koma timapuleya tambiri totchipa topanda dzina sitiidziwa. FLAC, mtundu wa fayilo umene sutaya kanthu pa ubwino wa mawu, nayonso imadalira chipangizo. Ngati kabukuko kanatayika, kapena ngati zolembedwamo sizikumveka, ingotsatirani MP3 ndipo simudzakhumudwa.

Sitolo imene ndingakulozereni poyamba ndi Bandcamp. Chifukwa chake n'chakuti mukagula nyimbo kapena chimbale mumasankha nokha mtundu wa fayilo, kaya MP3, AAC, FLAC kapena WAV, pa mtengo umodzimodzi, ndipo ngati muli ndi akaunti mukhoza kubwereranso tsiku lina n'kutenga mtundu wina popanda kulipiranso. Nyimbo zambiri mumatha kuzimvera zonse musanagule. Oyimba kapena kampani yawo ndi amene amaika mtengo, ena mpaka amalola wogula kutchula yekha ndalama imene angathe, ndipo Bandcamp imatengapo 15 peresenti pa malonda a mafayilo, zotsalazo n'kupita kwa eni nyimbo pambuyo pochotsa zolipirira kutumiza ndalama. Kwa ine ili ndiye gawo lolemera kwambiri, chifukwa chimbale chimodzi chogulidwa motere chimapatsa woyimba ndalama imene pa Spotify angaipeze pokhapokha nyimbo zake zitamvedwa maulendo ambirimbiri. Chofooka cha Bandcamp n'chakuti oyimba otchuka a m'makampani akuluakulu monga Universal, Sony Music ndi Warner ambiri sapezekako. Kumeneko n'kwa oyimba odziyimira paokha ndi makampani ang'onoang'ono, ndipo wokonda jazz, reggae kapena nyimbo zakale za mu Africa zimene zatulutsidwanso mwatsopano amapezako zambiri.

Nyimbo za oyimba otchuka aja mungazipeze ku iTunes Store, imene ikadalipo ngakhale kuti Apple inasiya kupanga iPod mu 2022 ndipo masiku ano imalimbikira kutsatsa Apple Music. Apa m'pamene anthu ambiri amasokonezeka, popeza zonse ziwiri zimapezeka m'pulogalamu imodzi pa kompyuta. Nyimbo imene ili ndi mtengo pambali pake, ku America masenti 69, masenti 99 kapena $1.29, ndi yogula ndipo ndi yosakhoma, pamene imene mwangoiwonjezera m'gulu lanu chifukwa mumalipira pamwezi ndi yobwereka. Zogula ku iTunes zimabwera ngati AAC ya 256 kbps (ndifotokoza za kbps kutsogoloku), imene imamveka bwino kwambiri, koma ngati kapuleya kanu sikadziwa AAC mudzafunika kuzisandutsa MP3 pa kompyuta. Zimenezi n'zotheka ndi pulogalamu ya iTunes yomweyo kapena ndi yaulere yotchedwa fre:ac, ngakhale kuti kusandutsa fayilo yopanikizidwa kale kukhala mtundu wina wopanikizidwa kumatayitsako pang'ono ubwino wa mawu. Dziwaninso kuti m'kati mwa fayilo iliyonse yogula ku iTunes mumalembedwa dzina la wogula ndi akaunti yake, choncho si chinthu choti muzigawa mwachisawawa.

Amazon imagulitsa MP3, ndipo Qobuz ya ku France ndi 7digital ya ku Britain zimagulitsanso FLAC, koma masitolo amenewa, pamodzi ndi iTunes Store yomwe, amagulitsa kwa anthu a m'mayiko osankhidwa okha. Amayang'ana dziko limene khadi lanu la kubanki linalembetsedwa, nthawi zina ndi dziko limene mukulumikizira intaneti, chifukwa makampani a nyimbo amapereka chilolezo chogulitsa dziko ndi dziko. Munthu wokhala ku London angagule mosavuta chimene inu pa Blantyre mungakanizidwe. Bandcamp ilibe malire oterewa pa nyimbo zambiri, koma kulikonse kumene mungagule mudzalipira mu ndalama zakunja, ndiye funsani ku banki yanu ngati khadi lanu la Visa kapena Mastercard ndi lotsegulidwa kugula kunja pa intaneti, komanso malire amene aika pa mwezi, pakuti kusowa kwa ndalama zakunja kwachititsa kuti nkhani imeneyi izisinthasintha. Njira yanzeru ndi kugula kaye nyimbo imodzi, kuiika m'kapuleya n'kumva ngati ikuyimba, kenako n'kugula chimbale chathunthu.

Pa nkhani ya ubwino wa mawu, manambala a kbps amanena kuchuluka kwa deta imene imasungidwa pa sekondi iliyonse ya nyimbo. Nyimbo ya mphindi 4 imatenga pafupifupi 4 MB ikakhala pa 128 kbps, pafupifupi 8 MB pa 256 kbps, ndi pafupifupi 10 MB pa 320 kbps, pamene FLAC, imene sitaya kanthu kalikonse ka zimene zinali pa CD, imatenga pakati pa 25 ndi 30 MB. Kapuleya ka 8 GB kangasunge nyimbo zoposa 700 za 320 kbps, koma za FLAC zingakhale pafupifupi 300 zokha. Ogulitsa ena amatsatsanso mafayilo a 24-bit, okwera mtengo ndiponso aakulu kwambiri. Maganizo anga ndi akuti kwa munthu womvera pa mahedifoni wamba, kapena m'thiraki momwe injini ikulira, MP3 ya 256 kapena 320 kbps ndi yokwanira ndithu, ndipo kusiyana kwake ndi FLAC simungakumve. Phindu la FLAC lili pa kusunga: mukakhala nayo pa kompyuta mukhoza kupangako MP3 ya kukula kulikonse popanda kutaya kawiri. Koma chimbale chimodzi cha FLAC chimadya deta yoposa 300 MB, pamene cha MP3 ya 320 kbps chimangopitirira pang'ono 100 MB, ndiye ngati mukugwiritsa ntchito bandulo ya foni tengani MP3 tsopano, FLAC mudzaitenge tsiku limene mwapeza Wi-Fi.

Memory card nayo ili ndi zake. Makhadi a 32 GB kutsika m'munsi amabwera atakonzedwa m'dongosolo la FAT32, limene mapuleya onse amawerenga, pamene a 64 GB kupita m'mwamba amabwera mu exFAT, limene timapuleya tambiri totchipa sitiliwerenga. Musagule khadi lalikulu kuposa limene kabuku kanena. Samalaninso ndi makhadi achinyengo amene amaonetsa 64 GB koma m'kati mwake muli malo ochepa kwambiri, moti mukadzaza nyimbo zina zimangowonongeka popanda chenjezo. Khadi lotchipa modabwitsa nthawi zambiri limakhala lotero. Mukagula chimbale ku Bandcamp chimabwera m'fayilo ya zip, imene muyenera kuimasula kaye pa kompyuta kapena pa foni musanakopere nyimbozo. Timapuleya tina timayimba nyimbo motsatira dzina la fayilo kapena ndondomeko imene zinakoperedwa, choncho chimbale chilichonse chikhale ndi foda yakeyake ndipo mayina ayambe ndi 01, 02, 03. Ngati dzina la woyimba silikuoneka bwino pa kagalasi, pulogalamu yaulere ya Mp3tag imakonza zimenezo.

Mukamafufuza mudzakumana ndi mawebusayiti ogulitsa chimbale chonse pa mtengo wosakwana wa nyimbo imodzi ya ku iTunes. Amenewa kawirikawiri alibe chilolezo cha eni nyimbo. Wotchuka kwambiri wa mtundu umenewu anali AllOfMP3 wa ku Russia, amene ankagulitsa nyimbo potengera kukula kwa fayilo mpaka anatsekedwa mu 2007 makampani a nyimbo ndi boma la America atalimbana naye. Kulipira malo oterewa n'kutaya kuwiri, chifukwa woyimba salandira kanthu ndipo inu mwapereka manambala a khadi lanu kwa anthu osadziwika.

Munatchulanso kuti mumakonda makwaya ndi nyimbo za kwathu kuno. Oyimba ambiri a ku Malawi amene amatulutsa nyimbo masiku ano amazitumiza ku Spotify, Apple Music ndi Boomplay kudzera m'makampani ogawa nyimbo, ndipo zina mwa izo zimapezekanso zogula ku iTunes Store, koma zimbale zambiri zakale ndi za makwaya a m'mipingo sizinafike m'masitolo amenewa. Pamenepa njira yolunjika ndi kufunsa woyimbayo kapena mlembi wa kwaya pa tsamba lawo la Facebook ngati angakugulitseni mafayilo n'kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba, kapena kugula CD yawo yeniyeni n'kuisandutsa MP3 yomvera nokha. Mukamapempha, nenani kuti akutumizireni fayilo ya MP3 ya 256 kapena 320 kbps, osati imene yadutsa m'mafoni ambiri n'kumapanikizidwa mobwerezabwereza. Anyamata oika nyimbo m'makhadi pa msika amatchipa, ndipo ndikudziwa kuti ndi kumene anthu ambiri amapita, koma ndalama imene mumawapatsa ndi ya ntchito yokopera basi. Bungwe la COSOMA, limene limayang'anira za umwini wa ntchito zaluso m'dziko muno, lakhala likulimbana ndi nkhani imeneyi kwa zaka zambiri, ndipo popeza inu mwanena kuti mukufuna kugula mwachilungamo, kumeneko si kumene mukufuna.

Nyimbo iliyonse imene mwagula muipange dawunilodi tsiku lomwelo ndipo muisunge m'malo awiri, pa kompyuta kapena pa flash yosiya kunyumba, kuwonjezera pa khadi la m'kapuleya. Masitolo amatsekedwa ndiponso amasintha eni ake. Google Play Music, imene inkagulitsa MP3, inatsekedwa mu 2020 ndipo ogula anapatsidwa nthawi yochepa yotulutsa nyimbo zawo kapena kuzisamutsira ku YouTube Music. Bandcamp yomwe ndakuyamikirani inagulidwa ndi Epic Games mu 2022, kenako inagulitsidwanso kwa Songtradr mu 2023, ndipo woyimba akachotsa chimbale chake kumeneko mwayi wochitenganso ukhoza kutha.